Sankha Dziko, Mwiche

Lamulungu limenelo Mwiche anadzuka m'mamawa, n'kusambitsa bambo ake, kuwamwetsa phala, kenako n'kuwakhazika pampando wawo pafupi ndi windo loyang'ana pabwalo. Bambo Sampa anali kalipentala wodziwika m'masiku awo, koma sitiroko inawaumitsa dzanja lamanja ndi mwendo, ndipo mawu ankatuluka movutikira, amodziamodzi. Akazi awo anamwalira kale. M'nyumba ya zipinda ziwiri ija ku Mtendere munatsala anthu awiri basi, bambo ndi mwana wawo wamkazi.

"Batate, nayenda ku Kalingalinga. Bamake Tiwo bazabwera kukuonani masana."

Amake Tiwo anali mayi wa nyumba yoyandikana nayo. Bambo Sampa anagwedeza mutu, n'kumuyang'ana mwana wawo kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi. Anaona diresi latsopano ndi chitenje chomangidwa mwaulemu pamwamba pake.

"Levy," anatero, mbali imodzi ya milomo ikumwetulira.

Mwiche ndi Levy anadziwana m'kwaya ya achinyamata kutchalitchi. Levy atapeza mwayi wa maphunziro ku Poland, anamugwira dzanja pa siteji ya minibasi n'kumulonjeza kuti adzabwera kudzamutenga. Anamaliza sukulu, napeza ntchito komweko, ndipo kwa zaka zisanu chibwenzi chawo chinkakhala m'foni. Anyamata a ku Mtendere anatopa nako kufunsira. Azimayi obwera kudzalukitsa tsitsi kwa Mwiche ankamuseka kuti ndi mkazi wa chithunzi. Iye ankangoseka nawo.

Tsopano Levy anali atabwera kutchuthi, ndipo lero Mwiche anaitanidwa kukadya chamasana kwa Exildah, mlongo wamkulu wa Levy, amene anamulera makolo awo atamwalira.

*

"Odi kuno."

"Lowa, Mwiche. Wachedwa. Nkhuku ikali kuyembekeza munthu woikazinga," anatero Exildah osadzuka pasofa.

Levy ndi amene anadzuka. Anamugwira mapewa, nkhope yake itawala, ndipo kwa kanthawi Mwiche anaiwala kuti m'chipindamo muli anthu ena. Kenako anamva fungo la mafuta onunkhira achilendo. Pasofa ina panakhala mkazi wovala thalauza loyera, atapingasa miyendo, foni ili m'manja.

"Uyu ni Ketty," anatero Exildah. "Ni nesi ku Ireland. Anakulira muno mu Kalingalinga. Banakumana na Levy ku Doha, babwera ndeke imodzi. Ketty, uyu ni Mwiche, wa kutchalitchi. Aluka tsitsi bwino maningi."

"Ba sisi, Mwiche si wa kutchalitchi chabe," anatero Levy.

"Niziba. Yenda ku khitchini, mwana, iwe si mlendo."

Mwiche anapita. Anakazinga nkhuku, anaphika mpunga, anadula kabichi, akumva kuseka kochokera pabalaza. Anadziuza kuti kutumidwa ku khitchini ndi ulemu, chifukwa mlendo satumidwa.

Ali mkati mwa kudya, Ketty anatembenuzira foni yake kwa Levy.

"Levy, gulu lifuna yankho lero. Benangu bakamba ati tiyende ku Greece, koma ine nakana, kumapya maningi. Norway ni yabwino koma vinthu ni vodula. Ine nikamba Portugal, tikachoka uko tipitire ku Spain. Italy tinayendako kale. Czech tinayendako."

Mwiche anasiya kutafuna. Maulendo awiri amenewo ankawadziwa bwino. Levy anamufotokozera za masitima, za matchalitchi akale, za buledi wolimba ngati njerwa. Koma nthawi zonse ankati ndinapita. Lero mawu anali akuti tinapita.

Nthawi yomweyo foni ya Mwiche inawala patebulo, meseji ya kasitomala italowa. Ketty anasuzumira n'kuona chithunzi cha pamwamba: Levy ataima pa mlatho wamiyala, sikafu yofiira ili m'khosi.

"Aa, ichi ninajambula ndine," anatero Ketty akuseka. "Ni ku Prague uku. Enze kunjenjemera na mphepo, ninachita kumubwereka sikafu yanga. Ni iyi yamene ili m'khosi."

Levy anayang'ana m'mbale.

"Mwiche, na iwe kambako," anatero Exildah akunyambita chala. "Sankha dziko. Bayende kuti bana aba? Kapena iwe uziba chabe Chongwe na Kafue?"

"Ba sisi, lekani," anatero Levy chapansipansi.

"Nafunsa chabe."

Mwiche anaika supuni pansi. "Sininayendepo kutali, ba Exildah. Kwamene ninafika ni ku Mpika, pa maliro ya bamayi."

Kenako anasonkhanitsa mbale zonse, anazitsuka, anazipukuta, anazisanja m'kabati, kenako anatulukira kukhomo lakumbuyo osatsazika.

*

Levy anamupeza pamsewu waukulu, pamalo pamene owotcherera zitsulo amayalapo mageti ndi mafelemu a zitseko. Tsiku limenelo panali zii, mageti atangotsamira makoma.

"Mwiche, imirira."

Sanaime. Levy anathamanga n'kumutsekera kutsogolo.

"Sitenze babiri. Ni gulu la banthu ba kwathu bamene bankhala ku Ulaya. Timakumana, timayenda pamodzi. Ketty ni mmodzi chabe mu gulu."

"Nanga n'chifukwa chani sunaniuzepo? Unaniuza za sitima, unaniuza za buledi. Dzina la Ketty sininamvepo."

"Nenze kuyopa kuti uzaganiza vina."

"Manje naganiza."

Minibasi inaima pambali pawo, kondakitala akuitana za ku Mtendere, kenako inapita. Mwiche anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi chija.

"Sikafu iyi naiyang'ana chaka chonse, Levy. Nenze kukamba mumtima ati mwamuna wanga aziba kusankha vovala. Kansi nenze kugona na sikafu ya mkazi wina pa pilo."

"Nikhululukire. Ninalakwa kubisa."

"Na pamene ba sisi bako benze kuniseka, iwe wenze kuyang'ana mpunga."

"Bananilera, Mwiche. Nikabayankha pa banthu, bazakuzonda kupambana lero. Nizakamba nabo patokha." Anamugwira dzanja, ndipo Mwiche sanalichotse. "Mvera. Ulendo ukubwera uyu sinifuna kuyenda na gulu. Nifuna kuyenda na iwe. Nabwera kuzakukwatira, sininabwere kuzadya nkhuku."

Amenewa anali mawu omwe Mwiche anawadikira zaka zonsezi. Anadabwa kuti atafika, sanamupatse chimwemwe chomwe ankayembekeza.

"Nanga batate?"

Levy anayang'ana kumsewu. "Bangankhaleko kwa ba anti bako ku Chazanga, poyamba chabe."

"Banankhalako pamene ninadwala malungo. Ninabapeza na vilonda kumsana, bavala malaya yamene ninabasiya nayo. Sinizachitanso."

Anachotsa dzanja lake n'kuwoloka msewu.

*

Dzuwa likulowa, Mwiche anakhala pakhomo akusankha nyemba. Foni inalira. Chinali chithunzi cha nyumba zoyera mbee zomangidwa paphiri, pansi pake madzi obiriwira.

"Iyi ni Greece," inatero meseji ya Levy.

Panalowa china: kasitima kachikasu kakukwera chitunda pakati pa nyumba zakale, zovala zitayanikidwa m'mawindo.

"Iyi ni Portugal. Baona, nabo bayanika vovala monga ku Mtendere."

Patapita kanthawi panabwera meseji ina. "Norway sinizakutumira. Iwe umanjenjemera na Juni wa mu Lusaka, uko ungafe."

Mwiche anapezeka waseka yekha. Anapukuta manja pachitenje n'kulemba.

"Ni kuti kwamene kuli nyanja yakuti munthu saona kutsidya?"

"Portugal. Uko ndiye kwamene nthaka yathera. Kutsogolo ni manzi chabe."

"Ndiye kwamene uko."

"Wasankha?"

"Nasankha mu foni chabe. Mu foni munthu angayende kulikonse."

Bambo Sampa anagogoda pawindo ndi ndodo yawo, kufuna kudziwa chomwe chamuseketsa. Mwiche analowa n'kuwaonetsa kasitima kaja. Anakayang'ana nthawi yaitali, chala chawo chikutsata mafelemu amatabwa a mawindo ake monga munthu wodziwa ntchitoyo. Kenako anamuyang'ana iye.

"Pita," anatero.

"Nyemba zizachedwa kupya," anayankha Mwiche, natuluka msanga kuti asaone maso ake.

*

Pakati pa sabata, Ketty anatulukira pageti atanyamula mapaketi a meshi, tsitsi lolukira.

"Ba Exildah bakamba ati kulibe wina woluka monga iwe. Uli na mpata?"

Mwiche akanatha kukana. Koma anafuna kumuona bwino mkazi ameneyu, ndiye anamuikira kampando pamthunzi, pansi pa windo la bambo ake, n'kuyamba kugawa tsitsi ndi chipeso. Kwa nthawi ndithu ankangolankhula za kutalika kwa malukidwe ndi za fumbi la mu Lusaka. Atafika pakati pa mutu, Ketty anatsitsa mawu.

"Sininabwere kuzakangana na iwe. Ndipo vamene banakamba ba Exildah pa Sondo sivinanikondweretse. Koma pali vinthu vamene Levy sazakuuza. Uziba kuti chaka chatha anadwala chibayo?"

Zala za Mwiche zinaima. Anakumbukira masabata aja Levy anasowa, iye akulephera kudya.

"Ananiuza ati foni inawonongeka."

"Foni yenze bwino. Ninakwera ndeke kuchoka ku Ireland, ninamupeza ali yekha mu kachipinda, alibe na womupatsa manzi. Ninamusambika ndine. Ninamudyetsa na supuni. Akatentha thupi enze kuitana dzina lako. Nakuuza ichi kuti uzibe kuti sinikunamiza."

Mwiche anatenga chingwe china cha meshi n'kupitiriza kuluka.

"Kampani yamene enze kusebenzako inatsekedwa," anapitiriza Ketty. "Mapepala yake yonkhalira ku Poland yazatha chaka chino. Uganiza maulendo yaja ayenda kusangalala? Ise benangu tiyenda kujambula vithunzi. Yeve akafika, amatisiya, ayenda kugogoda mu maofesi na mafakitale, kusakira dziko lamene lingamulandire. Ku Italy sanapeze. Ku Czech sanapeze. Ndiye chifukwa nikakamiza Portugal, kuli munthu ananilonjeza kumuthandiza. Koma nauko kulibe chotsimikizika."

Kasitima kachikasu kaja, nyanja yopanda tsidya ija, zonse zinali khomo lina loti Levy akagogodepo.

"Ine mapepala yanga ya ku Ireland yali bwino. Akanikwatira, azankhala. Akakwatira iwe, sangakutenge, chifukwa nayeve alibe ponkhala. Ndipo iwe sungasiye badala aba, aliyense aziba. Ndiye azabwerera mu Kalingalinga, digiri mu sutikesi, kuzawotcherera mageti. Ba Exildah banagulitsa na mashini yosokera kuti mwana uja aphunzire. Uganiza bazakuyang'ana bwanji masiku yonse ya moyo wako?"

"Mumukonda, ba Ketty?"

"Maningi. Ndiye vuto yanga."

"Nanga yeve?"

Ketty anatola kachingwe ka meshi pansi n'kumakapota pachala. "Nizayembekeza. Ndine nesi, kuyembekeza ninazolowera."

Mwiche anamaliza mutu wonse. Sanakoke tsitsi ngakhale kamodzi, ndipo mizere inali yowongoka ngati ya mkwatibwi. Ketty anadziyang'ana pagalasi, nati, "Uli na manja yabwino." Kenako anapita.

Mwiche atalowa m'nyumba, anapeza bambo ake atatseka maso. Anaganiza kuti agona. Sanaone mmene dzanja lawo lamanzere linagwirira mkono wa mpando, mitsempha itatuluka.

*

Tsiku lotsatira anakumana ndi Levy ku madamu a Goma, pafupi ndi yunivesite, pamene ankakonda kukhala kale asanapite. Ophunzira awiriawiri anali atakhala paudzu. Mwiche sanazungulire.

"Unadwala chibayo. Nchito inatha. Mapepala yazatha. Ni voona?"

Levy anatseka maso. "Ketty."

"Nafunsa ngati ni voona."

"Ni voona."

"Mkazi wina akusambika, ine nili kuno nipempherera foni yowonongeka."

"Ninachita manyazi, Mwiche. Iwe usambika batate bako m'mawa uliwonse, unyamula manzi, uluka mpaka msana kuwawa. Nenze kuzakuwonjezera chani? Kuti mwamuna wamene uyembekeza agona pa matiresi ya pansi, akhosomola magazi? Muno mu komboni bonse baganiza nili pabwino. Ninafuna na iwe uziganiza choncho."

"Nanga unenze kuzanitenga kunipereka kuti?"

"Nenze kukhulupirira kuti Portugal izatheka. Nenze kunama, na ine nemwine ninayamba kukhulupirira." Anatola kamwala n'kukaponya m'madzi. "Koma nalema. Nalema kuvula chipewa mu maiko ya bene. Kuyambira pa Sondo naganiza. Nizayenda chabe kukatenga vinthu vanga, nibwerere. Tinkhale muno, na batate bako."

Mwiche anayamba kulira mwakachetechete. Ankafuna kumukumbatira, koma m'makutu mwake munali mawu a Ketty.

"Usachite. Yenda ukwatire Ketty. Akukonda, ninaona na maso yanga. Uzankhala bwino, ba sisi bako bazakondwera."

"Ukamba chani iwe?"

"Ukabwerera chifukwa cha ine, nchito ikasowa, banzako bakayamba kukuseka, tsiku lina uzaniyang'ana na kuganiza ati ni uyu ananiwonongera. Sinifuna kuzaona tsiku ilo, Levy. Kuli bwino unisiye ukali kunikonda."

Levy anamuyang'ana nthawi yaitali, nkhope itagwa.

"Zaka vonse ivi nenze kuyopa kuti ukaziba kuti nilibe kanthu uzanikana. Kapena ni vamene uchita manje, koma mwaulemu."

"Si choncho."

"Ndiye mvera. Pa Chiweru bamalume ba Joseph bazabwera kwanu na mbale zofunsira ukwati. Ine nizankhala pa kona, pa kiyosiki ya manzi. Ngati unifuna na umphawi wanga, mbale zizasala. Ngati sunifuna, zibwerere. Sinizakufunsanso."

Mwiche akubwerera kunyumba, akudutsa pakati pa ogulitsa makala ndi tomato, anamva kuti katundu wina watsika. Levy wa pa mlatho uja sanali kumudziwa bwino. Levy uyu, wamantha, wopanda kanthu, wofuna kubwerera kwawo, ndi amene anamugwira dzanja pa siteji ya minibasi. Atafika pageti anali atadziwa yankho lake. Analemba meseji yakuti nikufuna, anaiyang'ana, kenako anaifufuta. Anafuna kuti Levy akamve kwa amalume ake, mwamwambo, mbale zitatsala.

*

Loweruka m'mawa Mwiche anakolopa nyumba yonse, anawameta bambo ake, anawaveka jekete lawo la kutchalitchi. Anawauza za alendo, iwo n'kungogwedeza mutu. Kuyambira tsiku lomwe Ketty anabwera sankalankhula kwenikweni, koma Mwiche anaganiza kuti ndi kutopa.

A Joseph anafika dzuwa litakwera. Anali bambo wamtali wa imvi, ndipo anabwera ngati shibukombe, munthu wotumidwa ndi banja la mwamuna kukapempha mkazi. M'manja ananyamula mbale ziwiri zovundikirana, zokulungidwa m'nsalu yoyera. Takisi yomwe inawabweretsa inaima pa kona, pafupi ndi kiyosiki yogulitsira madzi. Levy anatsika n'kuima pambali pake atavala suti. Exildah anabwera nawo, koma anakana kutsika.

Mwiche anakhala kuchipinda, kuseri kwa katani, pamodzi ndi amake Tiwo. Ankadziwa mmene zimayendera: mlendo akalankhula, bambo amaitana mwana wawo n'kumufunsa ngati akuwadziwa anthuwa, ndipo iye akavomera, mbale zimalandiridwa.

A Joseph anagwada, anaomba m'manja, anaika mbale patebulo. Analankhula bwino, mosafulumira, kuti mwana wawo waona duwa pakhomo pano ndipo abwera kudzapempha. Atamaliza, Mwiche anakonza chitenje, kudikira kuitanidwa.

Anamva kukhwekhwereza kwa mbale pathabwa. Anasuzumira pakatani. Bambo ake anali akuzikankha ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, kubwezera kwa mlendo.

"Awe," anatero Bambo Sampa.

"Pepani, sininamve bwino," anatero a Joseph.

"Awe." Mawu ankatuluka molemera, koma lililonse linkamveka. "Ninamva. Pa windo. Mnyamata adwala, abisa. Nchito yatha, abisa. Banja lake silimufuna mwana wanga." Anapuma, thukuta likutsika pachipumi. "Bazakamba ati ni yeve. Anamubweza kuchoka ku Ulaya. Yeve na batate bake bolemala. Nikafa ine, azamuimira ndani uko?"

"Ba Sampa, vinthu ivi tingakambirane."

"Tengani mbale."

Mwiche anafuna kutuluka, koma amake Tiwo anamugwira m'chiuno mwamphamvu.

"Sungatuluke osaitanidwa. Uzabachititsa manyazi batate bako pamaso pa mlendo. Leka bayende, tizakonza pambuyo."

"Nisiyeni, bamake Tiwo. Levy azaganiza ati ndine."

Pamene ankadzimasula, a Joseph anali atakulunga kale mbale zawo. Anali munthu wonyada, ndipo kubwezeredwa mbale mtsikana osafunsidwa n'komwe kunawapweteka. Anatuluka osatsazika, akuyenda mothamanga ngati mnyamata.

Mwiche anagwada pamapazi pa bambo ake.

"Batate, mwachita chani? Nimufuna. Munaniuza mweka ati pita."

Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope ya Bambo Sampa. Anatambasula dzanja kuti amugwire mutu, koma Mwiche anali atadzuka kale, akuthamangira kugeti opanda nsapato.

Ali pageti anaona zonse. A Joseph anafika pa kiyosiki n'kupereka mbale zokulungidwa zija m'manja mwa Levy. Levy anafunsa kanthu. Amalume ake anapukusa mutu n'kulowa m'takisi. Azimayi otunga madzi anasiya zigubu zikusefukira, akuonerera. Exildah anatsegula chitseko chakumbuyo, foni ili kale pakhutu.

Levy anatembenuka n'kumuona Mwiche. Sanakwiye. Anangoima, mbale zili pachifuwa, akumuyang'ana ngati munthu amene wauzidwa zomwe ankaziopa kuyambira kale. Mtunda wa pakati pawo unali waufupi. Mwiche anatsegula geti.

Kumbuyo kwake kunamveka chinthu cholemera chikugwa, ndi mpando ukugubuduzika pasimenti.

"Mwiche, bwera msanga," anakuwa amake Tiwo. "Batate bako bagwa, sibayankha."

Mwiche anayang'ananso kumsewu. Levy anali ataika mwendo umodzi m'takisi, koma maso ake anali akadali pa iye, akudikira kuti aponye phazi limodzi lokha kulowera kumeneko.

Mwiche anatembenuka n'kuthamangira m'nyumba. Akugwada pambali pa bambo ake, akunyamula mutu wawo kuuika pamiyendo pake, anamva chitseko cha takisi chikutsekedwa.